Tsiku limene ndinapatsa wakuba manambala 6

Linali Lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ntchito itandithina m'kashopu kanga. Ndimatayipa makalata, kupulinta ndi kupanga fotokope pafupi ndi msika, ndipo tsikulo panali mzere wa ana asukulu ofuna kuchulukitsa mapepala a mayeso akale. Foni inalira kawiri. Uthenga woyamba unali wa SMS, wokhala ndi manambala 6 a WhatsApp. Sindinaulabadire. Wachiwiri unalowa pa WhatsApp pomwepo, kuchokera kwa mayi wina amene ndimayimba naye kwaya, nambala yawo yomwe ija, chithunzi chawo chomwe chija. Unati: "Mayi pepani, ndimalowetsa WhatsApp mu foni yatsopano ndiye ndaphonya nambala, khodi yabwera kwa inu. Tanditumizireni msanga."

Ndinatumiza. Dzanja lina lili pa makina a fotokope, lina pa foni. Pansi pa manambala aja panali mawu ochenjeza kuti khodiyo isapatsidwe kwa munthu wina, koma maso anga sanafike pamenepo. Pasanathe mphindi ziwiri foni inandiuza kuti nambala yanga yalowetsedwa pa foni ina. Ndinaganiza kuti ndi vuto la netiweki, ndipo ndinapitiriza kuthandiza ana aja.

Ndinadzidzimuka masana pamene mlamu wanga anandiyimbira, mawu akunjenjemera, kufunsa kuti mwana ali mu wodi iti. Mwana wanga anali kusukulu, ali bwinobwino. Pamenepo n'kuti munthu uja atalembera kale anthu a m'magulu anga onse, la kwaya, la banki mkhonde, la kubanja. Aliyense ankamulembera payekha, m'dzina langa, kuti mwana wagonekedwa, pakufunika mankhwala ogula, ndalama zitumizidwe pa nambala ina chifukwa yanga ili ndi vuto, ndipo asandiyimbire poti ndili ndi adokotala. Achimwene anga a ku Johannesburg anatumiza osafunsa kawiri. Amayi awiri a ku kwaya anatumizanso, mmodzi mwa iwo atachita kukongola kwa aneba. Zimenezi n'zimene zimandiwawabe mpaka lero: anthuwo anaberedwa chifukwa chondikonda.

Pambuyo pake ndinamva kuti mayi amene nambala yawo inandilembera ija, nawonso anali atahakidwa dzulo lake m'njira yomweyo. Manyazi anawagwira, sanauze munthu. Akanangoyimbira mmodzi wa ife, nkhaniyi ikanathera pa iwo. Sindiwaimba mlandu, chifukwa manyazi amenewo nanenso anandigwira, koma ndinaphunzira kuti kukhala chete ndiye chakudya cha akamberembere amenewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake ndikulemba zonse mmene zinayendera.

Amene anandithandiza ndi mwana wa achimwene anga ena, yemwe amaphunzira za makompyuta. Pa foni anandiuza zinthu ziwiri zoti ndichite nthawi yomweyo. Choyamba, ndiyimbire anthu pa foni wamba, ndi kupempha mmodzi m'gulu lililonse kuti alengeze kuti amene akulemba ndi nambala yanga si ine, komanso ma adimini aichotse kaye nambalayo m'magulu. Chachiwiri, ndilowetsenso nambala yanga mu WhatsApp ndi kupempha khodi yatsopano, poti simukhadi inali m'manja mwanga ndipo khodi imabwera kwa mwini simukhadi. Ndinadikira maola angapo chifukwa khodi inali itapemphedwa kambirimbiri. Itabwera n'kuilowetsa, wakuba uja anatulutsidwa. Koma nane sindinalowe: iye anali atatchera pini yakeyake ya manambala 6, imene imatchedwa Two-step verification. Munthu ukapanda kuidziwa pini imeneyo umadikira masiku 7. Ndinakhala sabata yathunthu wopanda WhatsApp, makasitomala amene amanditumizira mafayilo oti ndipulinte akusowa pondipeza.

Pini imeneyo ndikanaitchera ndekha kalekale, manambala 6 amene ndinatumiza aja sakanamukwanira wakubayo. Ili mu Settings, kenako Account, kenako Two-step verification. Kuitchera sikutha ngakhale mphindi zitatu. Ngati mukuwerenga izi musanaitchere, siyani kaye kuwerenga mukaitchere, mudzandipeza.

Kupolisi ndinapita, ndi uthenga wonse umene anthu anandisungira komanso nambala imene inalandira ndalama. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Vuto n'lakuti mbava zimagwiritsa ntchito masimukhadi olembetsedwa m'maina a anthu ena. Musamalole munthu kulembetsa simukhadi ndi chiphaso chanu, ngakhale akupatseni ya fanta. Ndalama zija sizinabwerere.

Madzulo a tsiku lomwelo mnyamata uja anafika kunyumba. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma iye anakhala pansi n'kundifunsa kuti, "Azakhali, nanga pasiwedi ya imelo yanu ndi yotani? Musandiuze, ndiyesa ndekha." Anatsegula Facebook yanga pa foni yake, mbali imene aliyense amatha kuona. Anapeza chithunzi cha keke chimene ndinaika pa tsiku lobadwa la mwana wanga woyamba, dzina lake lili pakeke, zaka zake ndinazilemba ndekha pamwamba. Anayesa koyamba, inakana. Anayesa kachiwiri ndi chilembo chachikulu koyambirira. Imelo yanga inatseguka ine ndikuona.

Thupi lonse linachita tsemwe. Pasiwedi imeneyo, dzina la mwana ndi chaka chobadwa, ndinkaigwiritsa ntchito paliponse: pa imelo, pa Facebook, pa kompyuta ya kushopu, pa masamba amene ndinalembetsapo zaka zapitazo n'kuiwala. Chaka chomwecho ndicho chinali pini ya ndalama za mu foni. Iye anandifotokozera kuti imelo ndiyo kiyi wamkulu wa zonse, chifukwa ukadina kuti waiwala pasiwedi pa Facebook kapena kwina kulikonse, njira yosinthira imatumizidwa ku imelo. Wolowa mu imelo yako safunika kudziwa mapasiwedi enawo, amangowasintha mmodzimmodzi, iwe n'kutsekeredwa kunja.

Kenako anandionetsa tsamba lotchedwa Have I Been Pwned, limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndi katswiri wa ku Australia, Troy Hunt. Umalembapo imelo yako, osati pasiwedi, ndipo limakuuza ngati imeloyo ili m'gulu la zinthu zimene zinabedwapo ku makampani osiyanasiyana. Yanga inalimo, kudzera pa tsamba lina limene ndinalembetsapo kale kwambiri. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake pasiwedi imodzi paliponse ili yoopsa ngakhale itakhala yovuta chotani. Makampani akuluakulu omwe amaberedwa. Yahoo inavomereza kuti kuba kwa mu 2013 kunakhudza maakaunti ake onse, okwana mabiliyoni atatu. LinkedIn inaberedwa mu 2012. Akuba akapeza imelo ndi pasiwedi kumodzi, amakaziyesa kwina konse, ndipo sachita kuyesa ndi manja, makompyuta ndiwo amayesa usiku ndi usana.

Usiku umenewo tinasintha zonse, kuyambira ndi imelo. Ine ndinayamba kupanga zija tinazolowera kuuzidwa, kuika chilembo chachikulu, nambala ndi kachizindikiro: dzina lomwe lija koma "a" nditamusandutsa @. Mnyamatayo anapukusa mutu. Anati akuba amadziwa kalekale kuti anthu amasintha "a" kukhala @ ndi "o" kukhala 0, ndipo mapulogalamu awo amayesa zimenezo koyambirira. Nditawerenga pambuyo pake ndinapeza kuti ngakhale amene analemba malangizo akale aja anasintha maganizo. Bill Burr, yemwe ankagwira ntchito ku bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, ndiye analemba mu 2003 zoti pasiwedi izikhala yosakaniza zizindikiro ndi kusinthidwa pafupipafupi. Mu 2017 anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti akunong'oneza bondo ndi zambiri mwa zimenezo. Chaka chomwecho bungwelo linatulutsa malangizo atsopano: chofunika kwambiri ndi kutalika, ndipo palibe chifukwa chokakamizira munthu kusintha pasiwedi yabwino miyezi ingapo iliyonse pokhapokha pali umboni kuti yadziwika.

Masamu ake ndi osavuta. Zilembo zazing'ono 8 zimatha kusanjidwa m'njira zoposa mabiliyoni 208. Zikumveka zambiri, koma kwa makompyuta amphamvu amene akuba amagwiritsa ntchito akaba nkhokwe ya mapasiwedi, imeneyo si ntchito yaikulu. Chilembo chilichonse chimene waonjezera chimachulukitsa ntchitoyo ka 26. Ndiye ukafika pa zilembo 20 kapena 25, wakuba amakasaka nyumba ina yosatseka.

Nanga munthu ungasunge bwanji m'mutu zilembo 25? Apa ndi pamene ndinapeza mpumulo. Umatenga mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a m'chilankhulo chako chomwe, n'kuwalumikiza. Mwachitsanzo: ngolo-chigumu-Lachiwiri-nsapato-mleme. Ameneyo musamutenge, poti ndamulemba poyera, koma onani mmene alili. Ukangojambula m'maganizo mleme utavala nsapato uli pa ngolo ukudya chigumu Lachiwiri, sudzaiwalanso. Tsamba likaumirira nambala kapena chizindikiro, umangoonjezera pakati. Chimene ndikuchenjezeni n'chakuti mawuwo asakhale mwambi, vesi kapena mzere wa nyimbo ya m'buku, chifukwa zimenezo n'zodziwika kale kutsatana kwake. Asakhalenso okhudza inu. Kushopu kwanga ndamva ndi makutu anga mapasiwedi ambiri, anthu akundiuza kuti ndiwatsegulire imelo, ndipo ambiri ndi amodzimodzi: dzina la mwana, dzina la mudzi, Maule kapena Manoma ndi chaka, Yohane316, nambala ya foni ya mwini wake, kapena 123456, amene chaka ndi chaka amapezeka pamwamba pa mndandanda wa mapasiwedi ofala padziko lonse. Ine posankha mawu ndimatsegula buku lililonse, n'kuloza ndi chala maso nditatsinzina, tsamba lina mawu amodzi, tsamba lina amodzi.

Pini ya ndalama za mu foni ndi nkhani ina, chifukwa siitalikitsika. Manambala 4 amasanjidwa m'njira 10,000 zokha, ndipo ukaika chaka chobadwa wazichepetsa kufika posakwana 100. Tsono chaka chako chobadwa chili pa chiphaso cha unzika, chimene ambiri timasunga m'chikwama chimodzi ndi foni, ena kuseri kwa kava ya foni kumene. Wotola chikwamacho watola zonse. Sankhani manambala opanda tanthauzo kwa inu, osati 1234, osati 0000. Ndipo pa ejenti lembani nokha pini, foni ili m'manja mwanu. Ndimaona azigogo akupereka foni kwa ejenti n'kutchula pini mokweza, anthu ali pamzere akumva. Ngati kholo lanu limavutika kuona, khalani nalo pansi kunyumba mulizoloweze kudina lokha. Wina akakuyimbirani kuti ndi wa ku kampani ya foni kapena ku banki ndipo akufuna pini kapena khodi kuti akukonzereni akaunti, dulani foniyo. Wogwira ntchito weniweni safunsa zimenezo.

Funso limene amayi a ku banki mkhonde anandifunsa nditawafotokozera linali lakuti, mapasiwedi osiyanasiyana onsewo tiziwasunga kuti? Mnyamata uja amagwiritsa ntchito pulogalamu yosungira mapasiwedi yotchedwa Bitwarden; amasunga m'mutu pasiwedi imodzi yaitali, ina yonse pulogalamuyo imapanga ndi kusunga yokha. Mu foni za Android mulinso chosungira cha Google. Kwa amene azolowera, imeneyo ndi njira yabwino kwambiri. Koma ine ndinena mmene ndikuonera: kwa ambiri a ife, kope laling'ono lolemba ndi bolopeni, losungidwa kunyumba pamalo otseka, ndi labwino kuposa pasiwedi imodzi paliponse. Wakuba wa pa intaneti sangafike m'sutikesi yanu. Langa limakhala pamodzi ndi mapepala a malo ndi masatifiketi, siliyenda nane, ndipo sililowa m'shopu. Chimene sindichita ndi kusunga mapasiwedi mu meseji, kudzitumizira pa WhatsApp, kapena kumata kapepala pansi pa kiyibodi, monga ndinkachitira kale. Munthu mmodzi yekha m'banja akudziwa pamene kopelo lili. Ndinachita zimenezo dala, chifukwa ndaonapo anamfedwa akuvutika ndi foni yotseka ya malemu, ndalama ndi zithunzi zonse zili momwemo.

Pa imelo ndi pa Facebook tinatcheranso chitseko chachiwiri, kuti ngakhale munthu adziwe pasiwedi, pafunikebe khodi yochokera pa foni yanga. Google imapereka makhodi 10 apadera oti ugwiritse ntchito foni ikatayika. Ndinawakopera m'kope lija. Tikuchita zimenezo tinapeza kanthu kena koopsa: nambala yobwezeretsera imelo yanga inali yakale, imene ndinasiya kugwiritsa ntchito zaka zapitazo. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatha kupatsidwa kwa munthu wina. Ndiye kuti makhodi anga akanamapita kwa mlendo. Kaoneni yanu.

Sabata ija ndinali wopanda WhatsApp inandipatsa mpata woyang'ana shopu yanga ndi maso ena, ndipo ndinaona kuti ineyo ndinali chiopsezo kwa makasitomala anga. Pa kompyuta panali maimelo a anthu osachepera asanu ali chitsegukire. Anthu ambiri amaganiza kuti akadina X pakona ndiye kuti atuluka, pamene angotseka zenera. Wobwera pambuyo akatsegula amapeza zonse zili poyera. Kutuluka ndi kudina Sign out kapena Log out. Panalinso mapasiwedi amene Chrome inasunga anthu atavomera osawerenga. Mu foda ina munali zithunzi za ziphaso, masatifiketi a MSCE ndi makalata ofunsira ntchito a anthu amene ndinawaiwala kale nkhope. Ndinafufuta zonse. Tsopano kasitomala akafuna kulowa mu imelo ndimamutsegulira zenera la Incognito, podina Ctrl, Shift ndi N pamodzi, limene likatsekedwa silisunga zimene walowetsa. Zimene ndasikana ndimazifufuta mwini wake akuona. Amene alumikiza WhatsApp yake ku kompyuta yanga kuti atumize fayilo, sachoka ndisanamuonetse pa foni yake, pa Linked devices, mmene angaichotsere. Inunso mukapulinta kwina kulikonse, funsani zimenezi; ndi ufulu wanu.

Ndikatuluka pang'ono, ngakhale kukagula mandasi pakhomo pomwepa, ndimadina batani la Windows ndi L, kompyuta n'kutseka. Poyamba ndinkaona ngati n'kukayikira anthu, koma tsopano chala chimangopita chokha.

Za mafulashi ndiye ndingalembe tsiku lonse. Fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri imabwera ndi vayirasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya timashotikati tokhala ndi kamuvi pakona. Munthu amalira kuti ntchito yake yonse yafufutika, pamene nthawi zambiri mafayilo amakhala alipo, angobisika. Cholakwika chachikulu ndi kudina kashotikatiko, chifukwa m'pamene vayirasi imalowa mu kompyuta. Ine fulashi iliyonse ndimayamba ndaisikana ndi Windows Security, imene imabwera kale mu kompyuta, ndisanatsegule kanthu. Ndipo imagwira bwino ntchito pokhapokha ukamailola kulandira zatsopano. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, nanenso ndinkazimitsa ma update kuti ndipulumutse data, koma kukonzetsa kompyuta yogwidwa vayirasi kunandidyera zambiri kuposa bandulo. Amene mukadali pa Windows 10 dziwani kuti Microsoft inaika 14 October 2025 kukhala tsiku losiya kuithandiza mwa nthawi zonse, ndiye funsani wodziwa ngati kompyuta yanu ingalandire Windows 11. Mapulogalamu obedwa amene anyamata amaika motchipa aja ndimawakana, chifukwa ambiri amabwera ndi zake m'kati.

Magetsi akathima uli pakati pa lipoti la munthu la masamba 30, m'pamene umadziwa kufunika kwa Ctrl ndi S. Ndimadina ndikamaliza ndime iliyonse. Mvula ya ziphaliwali ikayamba ndimazula mapulagi onse kukhoma, ndipo magetsi akangobwera ndimadikira pang'ono ndisanayatse. Chilichonse chofunika chimakhala malo awiri, pa kompyuta ndi pa Google Drive, pamene akaunti iliyonse ili ndi malo aulere okwana 15 GB. Fulashi yokha si posungira. Imatayika, imachapidwa m'thumba la thalauza.

Amayi awiri a ku kwaya aja ndinawabwezera ndalama zawo pang'onopang'ono, ngakhale ankakana. Achimwene anakaniratu, anangoti tigwirizane chinthu chimodzi m'banja: uthenga uliwonse wopempha ndalama, ngakhale uchokere pa nambala ya mayi athu, tiziyamba tayimba foni n'kumva mawu a munthuyo. Akati musandiyimbire, ndiye poyimbira pomwepo. Mwezi watha lamuloli linagwira ntchito, pamene nambala ya msuweni wathu inayamba kupempha ndalama ya thiransipoti ya kumaliro amene kunalibe. Palibe anatumiza.

Dzulo kunabwera bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, kudzapulinta kalata ya penshoni imene inali mu imelo yawo. Atakhala pansi anayamba kutchula, "Mulembe dzina la mayi a kunyumba, kenako 19..." Ndinawadula mwaulemu. Ndinawatembenuzira kiyibodi, n'kuwauza kuti, "Bambo, lembani nokha, ine ndiyang'ana kumbali." Anatenga nthawi, chala chimodzichimodzi, magalasi ali pamphuno. Kalata itatuluka ndinawaonetsa podina kuti atuluke, kenako ndinawafunsa ngati ali ndi mphindi khumi zoti tisinthe pasiwediyo. Anati minibasi siithawa. Ndinawabwereka dikishonale ya pashelefu, anatsinzina, n'kuyamba kuloza mawu.